Bondo la Apongozi

M'mawa uliwonse, ndisanasukusule n'komwe, ndimapita kuseri kwa nyumba, n'kuphatikiza miyendo, n'kuwerama mpaka zikhatho zitagunda dothi. Mawondo osapinda ngakhale pang'ono. Zaka zanga zadutsa makumi asanu ndi limodzi, koma anyamata ampira a pa Nsaru pano ambiri sangachite zimenezi. Ndidawayesapo, manja awo adathera m'misongolo. Kale ndinkanyada nazo. Masiku ano ndikangogwira zala zanga zakuphazi mtima umandiwawa, nthawi zina mpaka kudzitukwana ndekha, chifukwa luso limeneli ndi lomwe lidandipusitsa.

Ine kwathu ndi ku Nambuma. Kuno ndidabwera ndi uphunzitsi, n'kupezako mkazi, n'kukhala pachikamwini. M'kalasi ndinkaphunzitsa masamu, koma mudzi wonse unkandidziwa ndi wenzulo, poti mafizo a sukulu yonse adali m'manja mwanga. "Miyendo iwongoke! Weramani! Gwirani zala! Iwe wakumbuyowe, wapinda bondo, ndakuona!" Wakuba popinda bondo ndinkamuonera patali, ngakhale abisale kuseri kwa anzake khumi. Zaka makumi atatu palibe bondo lidandinamizapo, chifukwa ndinkaliyang'ana.

Pabwalo pathu tinkakhala anthu atatu: ine, mkazi wanga ndi amayi ake. Apongozi aamuna ndidawapeza atamwalira kale, ana ena a m'nyumbamo adatsogola ali aang'ono, ndipo ifeyo Mulungu sadatipatse mwana. Nyumba ziwiri zoyang'anana, pakati mtengo wa mango ndi nkhokwe, basi.

Apongozi anga adali munthu wa tchalitchi, wosaphonya Lamulungu, koma pa nkhani yothawana ndi mkamwini sankagwedezeka. Tikakumana m'njira yakudimba iwo ankapatukira m'chimanga cha kumanja, ine cha kumanzere, njira n'kutsala yokha ngati yalakwa ndi iyo. Moni tinkapatsana khoma lili pakati, ndipo tinkalankhula ngati tikunena za anthu ena. "Aphunzitsi adzuka bwanji uko?" iwo amatero. Ine n'kuyankha, "Adzuka bwino, kaya amayi?" Ndinkadziwa mawu awo, kutsokomola kwawo, zidendene zawo ndi zitenje zawo zonse. Nkhope yokha ndiyo ndinkangoionera patali. Abusa ena atanena paguwa kuti zothawanazi n'zachikale, apongozi adauza mkazi wanga kuti, "Abusawo ali ndi apongozi awo, akawayang'ane m'maso amenewo."

Komatu mwambo womwewo uli ndi khomo lotulukira. Mkamwini akakhalitsa pamudzi amatenga nkhuku, mkazi wake n'kumutsogolera kwa amayi ake. Apongozi akailandira mumagwirana chanza, kuthawana kwathera pomwepo. Nkhuku imodzi yokha! Mkazi wanga ankandiseka nazo. "Kodi abambo, nkhuku ya amayi mugula liti? Mukuopa kuti akulumani?" Ine ndinkangoti, "Tikakolola." Tidakolola kokwanira makumi awiri mphambu zisanu ndi chimodzi, nkhuku osagulidwa. Panalibe chondifulumizitsa. Mawu anga onse opita kunyumba inayo ankanyamula ndi iye, a uko n'kubwera nawonso ndi iye, ena n'kuwathira mchere m'njira.

Mkazi wanga adadwala masabata atatu okha. Za masabata amenewo sindilemba, sindingathe.

Itakwana nthawi yondisudzula, ankhoswe adandiuza kuti ndamasuka, ndikhoza kubwerera ku Nambuma. Anthu ankayembekeza zomwezo, paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndidayamba kulongedza mabuku m'makatoni. Madzulo ake ndidamva mawu kuseri kwa khoma langa.

"Kodi aphunzitsi akupita kuti? Nyumba adamanga okha, mitengo adabzala okha. Akachoka, ine m'mawa ndizimva kutsokomola kwa ndani?"

Ndidatulutsanso mabuku aja. Tidatsala anthu awiri pabwalo limodzi, othawana, wotinyamulira mawu ali kumanda. Zoseketsa eti? Sekani, ine ndidaseka kale.

Chaka chotsatira, mvula ili pakati, apongozi ankathandiza kusoka fodya m'chigafa cha achibale awo. Potuluka adaterereka pamatope n'kugwera pamtengo, fupa la ntchafu n'kuthyoka chapamwamba pa bondo. Adawanyamula ndi azimayi. Ine ndidathamangira ngolo, kenaka n'kuima chapatali, kumalamula ndi pakamwa ngati kapitawo. Kuchipatala cha ku Namitete adagonako miyezi iwiri ndi theka. Fupa lidalumikizana bwinobwino, madokotala adagwira ntchito yawo. Koma mwendo wokhalitsa pabedi umauma, ndipo bondo lidazolowera kukhala chopindika.

Tsiku lowatulutsa adatitumiza kwa mayi wina wa mafizo, wazaka ngati makumi atatu, wolankhula mosapsatira. Ine ndidaima pakhomo, maso ali pazenera. Apongozi adali pamphasa, nkhope italoza kukhoma. Adayamba ndi iwo kulankhula.

"Mwana wanga, undiuze zoona. Mu Seputembala tikumanga chiliza cha mwana wanga. Pamaliro ake adachita kundikoka azimayi, sindidaone n'komwe pamene adamugoneka. Pachiliza ndikufuna ndikafike ndi mapazi anga, ndikaime chilili, ndikaike nkhata ndi manja anga. Zondikweza pangolo ngati thumba la feteleza ine ayi. Zitheka?"

"Zitheka, agogo, mukalimbikira," adatero mayi uja. "Tili mu Meyi, nthawi ilipo. Tsiku limene mudzagwire zala zakuphazi miyendo ili tambalale, bondo litagona pamphasa, ndiye kuti ndodo yokha ikakufikitsani kumandako. Kodi kunyumba amakhala ndi ndani?"

"Ndi ine," ndidayankha.

Adafotokoza bwino, sindingamunamizire. Poyamba kuthowa bondo ndi nsalu yofunda. Kenaka dzanja limodzi pabondo, kulikanikiza pang'onopang'ono kuti litsikire pamphasa, dzanja lina litagwira phazi. Agogo awerame kuchokera m'chiuno, manja alunjike kuzala, azipuma bwinobwino, osadzigwedeza, osadzikoka mwamphamvu. Kuwerenga mpaka makumi awiri, kupumula, kubwerezanso kasanu, m'mawa ndi masana. Kupweteka kokoka n'kwabwino, kobaya ngati mpeni ndiye kusiya. "Koma chachikulu ndi bondoli," adatero. "Okha sangalikanikize, thupi limadzimvera chisoni. Pakufunika dzanja la munthu wina. Tabwerani, bambo, mugwire apa ndikuonetseni."

Sindidasunthe. "Ndi apongozi angatu awa, mayi."

"Ndiye? Bondo silidziwa chipongozi, bambo."

Ine ndine wamtima wapachala, aliyense pano akudziwa. Magazi adandikwera kumutu. Kamtsikana kadzulodzuloli kandiyankhe chonchi pamaso pa apongozi anga? Kandiphunzitse ine mafizo? Ndidati, "Ndamva, mayi. Ine mafizo ndaphunzitsa zaka makumi atatu, inu musanabadwe." Adandiyang'ana, n'kulemba tsiku loti tidzabwerenso kumapeto a Juni, n'kundipatsa kapepalako. Nthawi yonseyi maso anga adali pazenera.

Kumudzi ndidapempha mayi wina woyandikana nafe, mnzawo wa apongozi wa kumpingo, kuti azidzagwira bondolo. Adabweradi masabata awiri. Koma apongozi akangobuula, iye ankachotsa dzanja. Tsiku lina adatuluka akupukuta misozi, nati, "Aphunzitsi, ukutu n'kuzunza munthu wamkulu." Kenaka idafika nthawi yosankha fodya, iyenso ali ndi wake woti asankhe, adayamba kudumphitsa masiku. M'malo momunyengerera, ine ndi kukamwa kwangaku ndidamulalatira pamjigo, anthu akumva, kuti Chikhristu chake n'cha Lamulungu lokha. Chakudya adapitiriza kuwabweretsera, kuwasambitsa ankawasambitsa, koma za mwendo adati, "Poti aphunzitsi ndiwo odziwa, achite okha." Sindimuimba mlandu. Ndikadakhala iye ndikadanena zoposa pamenepo.

Lachiwiri lotsatira ndidapita pamsika n'kugula msoti wofiira. Ndidaumanga miyendo, ndidavala jekete, ndidauyamba ulendo wodutsa bwalo. Mapazi makumi awiri okha kuchoka pakhomo panga kufika pawo. Ndidafika pamtengo wa mango n'kuima. Anditsogolera ndani? Woyenera kugogoda, n'kugwada, n'kunena kuti amayi, mkamwini wanu wabwera, adali kumanda. Ndiye ine, bambo wamasiye, ndilowe ndekha m'nyumba ya amayi ake a mkazi wanga, ndikawakwezere chitenje mpaka m'mawondo? Iwowo akandiona bwanji? Ndidadziuza kuti wamkulu ndi iwo, akafuna andiitana. Ndidamasula msoti uja n'kuti mawa. Udakaikira mazira pansi pa nkhokwe, n'kuswa anapiye asanu ndi awiri, mawa lija lisanafike.

M'malo mwake ndidapeza nzeru yauphunzitsi, ndipo ndidadzitama nayo kwambiri. Ndidaika mpando pakhonde pawo, pambali pa chitseko, msana wanga utatsamira khoma. Iwo mkati pamphasa, atakoleka chitenje kuphazi kuti azidzikoka nacho. Ndikaimba wenzulo iwo n'kuwerama, ine n'kuwerenga mokweza mpaka makumi awiri, n'kuimbanso kuti apumule. Pakhomapo ndidajambula mwendo ndi choko, kuyambira ntchafu mpaka zala, woongoka ngati rula. Tikamaliza ndinkafunsa kuti, "Amayi afika pati lero?" Akandiuza, ndinkalemba kamzere pamwendo wa chokowo.

"Pabondo penipeni," adatero sabata yoyamba.

"Bondolo lagona pamphasa?"

"Likugona."

Ndidafunsa kamodzi kokha funso limenelo. Kufunsa kawiri kukadakhala ngati ndikuwayesa abodza.

Ndinene zoona, nthawi ya mafizoyo idasanduka chinthu chokhacho chimene ndinkadzukira. Chimwalirire mkazi wanga ndinkangokhala duu, wailesi osatsegula. Tsopano ndinkameta ndevu m'mamawa, wenzulo m'khosi, ngati ndikupita kuntchito. Apongozi nawo adayamba kundiseka. "Aphunzitsi akuwerenga mothamanga lero, ali ndi ulendo kodi?" Tsiku lina ndidalumpha nambala, iwo n'kukuwa kuti, "Khumi n'zitatu yapita kuti? Ndiye ana a eni ankaphunzira masamu otani?" Ndidaseka mpaka kutsamwa. M'zaka zonse zija sitidalankhulanepo mawu ochuluka ngati m'miyezi itatu imeneyo.

M'mawa wina wozizira ndidaimba wenzulo mwamphamvu, iwo nati, "Wenzulo ameneyu adzadzutsa akufa." Kenaka ndidati, "Akadamadzutsa, bwenzi aphunzitsi akuimba tsiku lonse." Ndidamva akufwenthera mkatimo, inenso panja chimodzimodzi. Khoma lidali pakati, aliyense adalira payekha. Titatha adati, "Awerenge, tipitirize."

Timizere ta choko tinkatsika. Mu Juni adadutsa bondo n'kufika pamsongolo. Tsiku la kapepala lija litakwana sindidawatengere ku Namitete. Ndidati kukuzizira, msewu ndi wamabampu, minibasi ikawapweteka mwendo, komanso zinthu zikuyenda kale. Zonsezo zidali zoona, koma chenicheni n'chakuti sindinkafuna kukaonana ndi mayi uja tisanafike kuzala. Ndinkafuna ndikamuonetse kuti mkamwini akhoza kuwongola mwendo wa apongozi ake osaukhudza. Mu Julayi adafika pakakolo. Amisiri adayamba kuumba chiliza.

Chapakati pa Ogasiti, ndili pa khumi n'zisanu, ndidamva kukuwa mkatimo. "Ndagwira! Auzeni aphunzitsi, ndagwira chala chachikulu!" Mayo ine! Ndidaimba wenzulo katatu ngati mpira watha, ndidavina pabwalo, nkhuku zonse balala. Ndidalemba mzere womaliza pachala cha choko, n'kuuzunguliza. Madzulo ake ndidapita kumanda kukauza mkazi wanga kuti amayi ake akubwera ndi mapazi awo.

Tidapita ku Namitete kutatsala masiku khumi kuti chiliza chichitike, kukatenga ndodo ndi kukadzionetsa. Mayi woyandikana nafe uja ndiye adawakweza ndi kuwatsitsa m'minibasi. Ndidalowa m'chipinda cha mafizo chifuwa chili patsogolo. "Mayi, wodwala wanu uja akugwira zala."

"Mwachedwatu kubwera," adatero. "Chabwino, agogo, tationetsani."

Ndidatembenukira kuzenera monga mwa masiku onse. Ndidamva mphasa ikulira, apongozi akupuma, kenaka zii. Mayi uja sadayamikire. Adalankhula motsitsa mawu, mopanda ukali uja.

"Bambo, tatembenukani muone."

Ndidatembenuka. Koyamba m'moyo wanga ndidayang'ana miyendo ya apongozi anga. Zala adagwiradi, dzanja lili pachala chachikulu nganganga. Koma bondo lidali m'mwamba, lopindika ngati chigongono, pansi pake mpata woti mphaka n'kudutsa. Ndi kuba komwe kuja ndinkakugwira pabwalo la sukulu ndili patali. Mwana wa sitandade 2 sakadandinamiza nako.

Mayi uja adaika dzanja pabondopo n'kukanikiza. Silidasunthe. Adathowa, adayesanso, apongozi adaluma chitenje. Lidangoti gwa, ngati nthambi youma.

"Ankalikanikiza ndani?" adafunsa.

Ndidayang'ana pansi.

"Mu Meyi lidali lofewa," adatero. "Mukadabwera mu Juni tikadaligwira. Panopa minofu yafupika, yauma momwemo. Tiyesetsa, mwina litsikako pang'ono pakapita miyezi, koma mwendowu sufika pansi woti n'kuuponda. Za masiku khumi ndiye iwalani. Pepani, agogo. Kuwongola mtengo m'poyamba."

M'minibasi pobwerera ndidakhala kutsogolo, iwo kumbuyo, ndipo masiku asanu ndi anayi otsatira wenzulo sadalire. M'mawa ndinkamva "Aphunzitsi adzuka bwanji uko?" ine n'kuyankha, n'kuthawira kudimba. Ndinkachita manyazi, komanso ndidakwiya. Ndidakwiyira mayi wa mafizo, mayi woyandikana nafe, mkazi wanga pondisiya, ndi apongozi pondiuza kuti bondo likugona. Munthu mmodzi yekha ndiye ndinkamulambalala: ine mwini.

Tsiku la chiliza lidafika, Loweruka. Abale anga ochokera ku Nambuma adali atafika, akwaya atayamba kale kulowera kumanda, kutsidya kwa dambo. Ngolo idaima pabwalo, atayalamo matiresi. Mayi woyandikana nafe adatuluka m'nyumba ya apongozi akupukusa mutu. "Avala, koma akukana kukwera."

Ndidapita pakhonde paja, pambali pa chitseko. "Amayi akwere, anthu akudikira."

"Auzeni aphunzitsi apite okha. Ndidanena kuti pangolo ayi. Nkhata yanga akaike ndi iwo."

Apo ndiye mtima wanga uja udaphulika. Sindidaganize za nkhuku, za jekete, za anthu amene adali pabwalo. Ndidakankha chitseko n'kulowa, mawu aukali ali kale pakamwa. Adali pamphasa, atavala zoyera za kumpingo, nkhata ya maluwa apepala ili pamiyendo. Sadathawitse nkhope. Adandiyang'ana, inenso ndidawayang'ana.

Abale anga, palibe adandiuzapo. Zaka zonsezi palibe adandiuza kuti mkazi wanga adatengera amayi ake chonchi. Maso omwewo, kampata ka mano komweko, ngakhale kapendekedwe ka mutu poyembekeza kuti ndiyambe kulalata. Chaka ndi miyezi ndinkafunafuna nkhope imeneyi pazithunzi ziwiri zofufuma, pamene idali kutsidya kwa bwalo langa. Ndidagwada.

"Mwalowa, aphunzitsi," adatero. Koyamba kundilankhula ine mwini.

"Ndalowa, amayi. Ndabwera chimanjamanja."

"Nkhuku yanu ndidaiona. Ndidali pazenera tsiku lija mudaima nayo pamango. Ndidafunda chitenje chatsopano, ndidakonza pamphasa. Kenaka ndidaona mukuimasula."

"Bwanji osandiitana?"

"Ine, nkhalamba, ndiitane mkamwini kuti adzandigwire mwendo? Mukadandiyesa munthu wotani? Ndidati mwamuna ndi iwo, akafuna abwera."

Manyazi adapha lambe, akuluakulu adanena kalekale. Ife tidali alambe awiri, wina kudikira mnzake, mapazi makumi awiri pakati pathu.

"Nanga bondoli, amayi? Mudandiuza kuti likugona."

"Ndinkadziwa kuti silikugona. Mtsikana uja adanena ndikumva, sindine wogontha. Ndinkayesa kulikanikiza ndekha, dzanja n'kumakana, limapweteka zedi. Ndiye tsiku lina ndidapinda pang'ono, dzanja lidapitirira, ndidakuuzani, inu n'kuseka panjapo. Chipitire mwana wanga ndidali ndisanakumveni mukuseka. Mawa lake ndidapindanso." Adapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ndinkati Mulungu aona yekha chochita ndi mwendowu. Ndalakwa ine."

"Ayi, amayi. Ntchito yanga idali kuyang'ana. Ndi yokhayo ndimaidziwa."

Ndidatambasula manja, ndidagwira phazi lawo. Lidali lozizira, lopepuka, chidendene chong'aluka chimene ndinkachidziwa bwino pochionera kumbuyo. Dzanja lina ndidaika pabondo, monga adanenera mayi uja mu Meyi, n'kukanikiza pang'onopang'ono. Ndidawerenga mpaka makumi awiri. Silidatsike ngakhale mpata wa chikhadabo.

"Ngolo mwakana," ndidatero. "Msana wanga simudaukane."

Adanyamula nkhata ija. Mayi woyandikana nafe adandithandiza kuwabereka, adamanga chitenje pachifuwa panga. Tidatulukira pabwalo. Bambo wina wachikulire adatsegula pakamwa, ndidamuyang'ana, adatsekanso. Tidadutsa pamango, tidatsikira kudambo, bondo lija likundibaya m'nthiti njira yonse. Sadali olemera. Thumba la chimanga limaposa.

Kumanda ndidawatsitsa pambali pa chiliza. Adayesa kuima atagwira phewa langa, mwendo wabwinowo udanjenjemera, winawo uli lende m'mwamba. Sizidatheke. Adakhala pansi pafumbi ndi zoyera zawo, adadzikhwekhwereza mpaka pasimenti, n'kuika nkhata ija chokhala. Akwaya adali atasiya kuimba, ndiye aliyense adamva.

"Ndabwera, mwana wanga. Koma ndabwera wonyamulidwa. Ndidakulonjeza mapazi anga, undikhululukire."

Ndidafuna kukuwa kuti wopepesa ndine, kuti mkazi wanga amve kuti amayi ake adalumala chifukwa cha mwamuna wake wodziwa mafizo, amene adaopa kudutsa bwalo ndi nkhuku m'manja. Ndidangoima pamenepo, chitenje choberekera chili m'manja.

Kuyambira Lolemba lake ndinkalowa m'nyumbamo m'mawa ndi masana. Ndinkathowa bondo, kulikanikiza, kuwerenga. Ku Namitete sitidaphonyenso tsiku ngakhale limodzi, ndipo mayi wa mafizo uja sadandikumbutsepo mawu anga aja, chinthu chimene chidandipweteka kuposa akadandikumbutsa. Pa chaka ndi theka bondo lidatsika mpata wa zala ziwiri. Apongozi sadayendenso. Ndinkawatulutsa padzuwa, kuwawengera zikhadabo, kuwabereka popita kutchalitchi, ndipo tinkacheza maso ndi maso ngati anthu. Ankandiuza za ubwana wa mkazi wanga, zinthu zimene mwiniwake sadandiuzepo. Chaka ndi theka chokha, pamene tikadakhala nazo zaka makumi awiri ndi zingapo. Adamwalira mvula yachiwiri ili kumapeto, ndipo adagona pafupi ndi mwana wawo.

Ankhoswe adabweranso kudzandiuza kuti tsopano palibe chondisunga pamudzi pano. Ndidawayankha zimene sindingalembe m'buku. Nkhuku zofiira zadzaza bwalo, zidzukulu za msoti uja; zimandithera chimanga, koma kupha sindipha, kugulitsa sindigulitsa. Alendo akabwera ndimakagula ina pamsika.

Ndiye m'mawa ndimawerama kuseri kwa nyumbaku, mawondo ali chilili, n'kugwira zala zimene palibe adandipempha kuti ndizigwire. Ndimawerenga mokweza mpaka makumi awiri, n'kudikira pang'ono, ngati pali woti andiuze kuti ndalumpha nambala. Kenaka ndimadutsa bwalo kukatsegula mazenera a nyumba inayo kuti mulowe mphepo. Pakhonde mvula sifikapo, ndiye mwendo wa choko uja ukadali pakhoma, ndi timizere take tonse mpaka kuchala, woongoka bwinobwino.